Kutseka mitsempha ya chotupa: mankhwala a khansa amene anapanga phokoso, ndi zomwe amachitadi

Chotupa cha khansa chikangoyamba kumene chimakhala kanthu kakang'ono zedi, ndipo chomwe ambiri sitidziwa nchakuti pachokha sichingakule kupitirira milimita 1 kapena 2, tinene kukula kwa njere ya mchewere. Chikafika pamenepo chimaima. Sikuti maselo ake asiya kuswana ayi, akuswanabe, koma omwe ali mkatikati akufa chifukwa okosijeni ndi chakudya sizikuwafika, ndiye obadwa ndi akufa amangolingana. Okosijeni akatuluka mu mtsempha wa magazi sapita patali, amangoyenda mwina gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 10 a milimita basi mphamvu yatha, nchifukwa chake pafupifupi selo iliyonse mthupi mwathumu imakhala moyandikana ndi kamtsempha. Madokotala omwe amang'amba mitembo ya anthu ofa ndi ngozi kapena matenda ena akhala akupeza timbewu ta khansa tating'ono chonchi mu chithokomiro kapena mu kachiwalo ka abambo kotchedwa prostate, eniake anakhala nato zaka osadziwa ndipo sitinawachite kanthu. Kuti chotupa chifike poti mayi achimve ndi dzanja pa bere, kapena chioneke pa sikani, ndiye kuti chinapeza njira yokokera mitsempha yatsopano kubwera kwa icho.

Ife a kuchigwa cha Shire kuno izi sizovuta kumva. Pitani ku Nchalo mwezi wa Okutobala, mbali ina ya msewu kuli fumbi lokhalokha mbuzi zikudya mapepala, mbali inayo nzimbe zili biliwili, kusiyana kwake ndi ngalande basi. Chotupa chili ngati munthu amene walima kamunda kake pakati pa sikimu popanda chilolezo nkumakumba tingalande take usiku kuba madzi ku ngalande yaikulu. Mutha kukamuzulira mbewuzo, imeneyo ndiye opaleshoni. Mutha kuzithira poizoni, imeneyo ndiye kemo. Kapena mutha kungomutsekera tingalandeto nkusiya dzuwa ligwire ntchito. Njira yachitatuyi ndiyo tikukamba pano, ndipo achipatala amaitchula kuti anti-angiogenic therapy.

Mwini ganizoli anali dokotala wa maopaleshoni wa ku America dzina lake Judah Folkman. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ali ku usilikali wa pamadzi anapatsidwa ntchito yofufuza madzi omwe angalowe mmalo mwa magazi, ndiye ankatenga chithokomiro cha kalulu nkumachisunga chamoyo mu galasi, kenako pofuna kuyesa anabzalamo maselo a khansa ya mbewa. Maselo aja anakula nkuima onse pa saizi imodzimodzi yaing'ono ija. Atawachotsa nkuwabwezera mu mbewa yamoyo anakula mpaka kuipha. Kusiyana kwake, mu galasi muja mitsempha yatsopano sinkamera. Mu 1971 ali ku chipatala cha ana ku Boston analemba mu magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine kuti chotupa chimatulutsa kenakake koitana mitsempha, ndipo kuti munthu atapeza mankhwala otsekereza kanthu kameneko chotupa chikhoza kukhala chogona. Anzake ambiri anamuseka. Nthawi imeneyo aliyense maso anali pa kupha selo la khansa lenilenilo, za mitsempha ankati ndi kutupa wamba komwe kumabwera pamene pali nyama yakufa. Gulu lake linayesanso mu diso la kalulu, kachotupa kakaikidwa malo omwe kalibe mitsempha kankangokhala duu, kakasunthidwa kufika pomwe mitsempha ingakafikire kankafufuma kambirimbiri mmasabata awiri okha. Komabe panatenga zaka pafupifupi 20 kuti kanthu koitana kaja kagwidwe bwinobwino.

Mu 1983 gulu la Harold Dvorak, ku Boston komweko, linapeza puloteni yomwe zotupa zimatulutsa yopangitsa mitsempha kudontha madzi. Mu 1989 Napoleone Ferrara wa ku kampani ya Genentech anapeza puloteni yomeretsa mitsempha naitcha VEGF, ndipo zinadzadziwika kuti awiriwa agwira chinthu chimodzi. Mmene zimayendera ndi chonchi. Selo likayamba kubanika chifukwa chosowa okosijeni, mkati mwake mumachuluka puloteni ina yotchedwa HIF, yomwe nthawi zonse imapangidwa koma okosijeni akakhalapo imaphwanyidwa pompopompo. Okosijeni akasowa HIF uja amaunjikana nkukayatsa majini angapo, omwe ndi malangizo a mkati mwa selo ouza selo zoti lipange, limodzi mwa iwo ndi la VEGF. VEGF amatuluka mu selo nkufalikira mozungulira mpaka kukafika pa kamtsempha kapafupi, ndipo maselo omwe amayala mkati mwa mtsempha ali ndi malo ake omulandirira. Akangomulandira amayamba kuboola khoma, limodzi limatsogola kulondola komwe VEGF akuchokera, ena akuswana pambuyo pake, mpaka kapaipi katsopano kapangika magazi nkuyamba kudutsa. Anthu atatu omwe anafukula nkhani ya HIF imeneyi, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, analandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Musaganize kuti VEGF ndi mdani. Bala la khasu likamapola ndi iyeyo akumanga mitsempha, chiberekero chikamakonzeka mwezi ndi mwezi ndi iyeyo, mwana mmimba kuti akule ndi iyeyo. Khansa sinabweretse chatsopano, imangoba njira yomwe thupi linali nayo kale nkuisiya yoyaka osazimitsa. Ndipo mfundo imeneyi muisunge chifukwa mavuto onse a mankhwalawa akuchokera pamenepa.

Komanso mitsempha yomwe chotupa chimamanga ndi yachabechabe. Ndi yokhotakhota, ina yotupa ina yothina, ina yongothera panjira, makoma ake obooka. Madzi amadontha nkudzaza mchotupamo mpaka mphamvu ya madziwo imafinya timitsempha tina, ndiye mbali zina za chotupa zimakhalabe zobanika nkumatulutsa VEGF wochuluka kuposa kale. Kudontha komweku ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe odwala khansa ya mmimba amadzaza madzi mimba nkukhala ndendende. Ndipo mabowo omwewo ndi khomo lomwe maselo a khansa amalowera mmagazi kupita ku chiwindi, ku mapapo, ku mafupa.

Tsopano phokoso lija. Mu labu ya Folkman anapeza tinthu tiwiri tomwe thupi limapanga lokha totsekereza mitsempha, angiostatin mu 1994 ndi endostatin mu 1997, ndipo mu mbewa zotupa zinkafota mochititsa kaso. Mu Meyi 1998 nyuzipepala ya New York Times inaika nkhaniyi patsamba loyamba, nkulembanso kuti James Watson, wasayansi wotchuka uja wa DNA, wanena kuti Folkman athetsa khansa mzaka ziwiri. Watson anadzakana kuti sananene motero, koma moto unali utayaka kale, masheya a kampani yomwe inali ndi mankhwalawo anakwera kangapo tsiku limodzi, odwala akuimba mafoni kupempha kuti awayese iwo. Folkman mwiniwake ankangoti ngati uli ndi khansa ndipo ndiwe mbewa, tikhoza kukusamala bwino. Atayesa pa anthu, endostatin sanavulaze kwenikweni koma zotupa sizinafote ngati za mbewa zija, ndipo ku America anangozisiya, ngakhale ku China mtundu wina wake unadzaloledwa mu 2005 pa khansa ya mmapapo. Nkhani ya mbewayi muzikumbukira nthawi iliyonse mwalandira uthenga pa foni woti asayansi apeza mankhwala a khansa. Funso loyamba likhale loti, apeza mwa ndani?

Amene anapambana anali a Ferrara aja. Anapanga antibody, yomwe ndi puloteni ya chitetezo cha mthupi yokonzedwa kuti izigwira chinthu chimodzi chokha, ndipo iyi imagwira VEGF mmagazi asanafike pa mtsempha. Dzina lake bevacizumab, pamsika Avastin. Mu Febuluwale 2004 bungwe la FDA loona za mankhwala ku America linauloleza pa khansa ya mmatumbo akulu yomwe yafalikira. Pa kafukufuku yemwe anauloletsa, odwala omwe analandira kemo yokha theka la iwo linali litamwalira pofika miyezi 15.6, pomwe omwe analandira kemo pamodzi ndi Avastin theka linafika miyezi 20.3. Ndiye phindu lake pafupifupi miyezi 5. Pa khansa ya mmapapo mu 2006 zinali miyezi 12.3 poyerekeza ndi 10.3, miyezi iwiri. Folkman anamwalira mu Januwale 2008 ataona ganizo lake lasanduka diripu ya mchipatala.

Miyezi 5 sindikuinyoza ayi. Kwa bambo amene akufuna aone mwana wake akulemba Fomu 4 kapena amalize kugawa minda ana asadzakangane, miyezi 5 ndi yambiri, ndipo manambalawa ndi a pakatikati, alipo ena omwe anapindula kuposa pamenepo ndi ena omwe sanapindule nkomwe. Koma si kuchira. Pa khansa yomwe yafalikira mankhwalawa amachedwetsa, sathetsa, ndipo pafupifupi nthawi zonse amaperekedwa pamodzi ndi mankhwala ena chifukwa paokha pa zotupa zambiri sachita zambiri.

Pena analepheratu. Pa khansa ya mmawere FDA inauloleza mwachangu mu 2008 chifukwa pa sikani zotupa zinkachedwa kukula, koma atawatsatira amayiwo anapeza kuti sakukhala moyo nthawi yaitali kuposa anzawo, angowonjezeredwa mavuto, ndipo mu Novembala 2011 chilolezocho chinalandidwa. Pa khansa yoopsa ya mu ubongo yotchedwa glioblastoma mankhwalawa amaphwetsa kutupa, mutu umapepuka, sikani imaoneka bwino, koma makafukufuku akulu awiri a mu 2014 anasonyeza kuti masiku a moyo sanawonjezereke. Chodabwitsa kwambiri kwa ine ndi ichi: anayesa kuupereka kwa anthu omwe chotupa cha mmatumbo chachotsedwa kale ndi opaleshoni, poganiza kuti timbewu totsalira sitidzapeza mitsempha, zomwe kunena zoona ndi pomwe ganizo la Folkman limayenera kuwala kwambiri, koma sizinathandize.

Chifukwa chake nchiyani? Choyamba VEGF si yekha. Mukamutseka chotupa chimabanika kwambiri ndipo chimayamba kutulutsa zoitanira zina monga FGF ndi angiopoietin, komanso chimakoka maselo ena ochokera mmafupa omwe amathandiza kumanga mitsempha. Chachiwiri, zotupa zina sizivutika nkumanga komwe. Mu mapapo, mu chiwindi ndi mu ubongo mitsempha ndi yambiri kale, ndiye maselo a khansa amangoyanga motsatira mitsempha yomwe ilipo nkumayamwa pomwepo, wakuba uja wasiya kukumba wangokalima mmphepete mwa ngalande yaikulu, mutseka chiyani pamenepo? Palinso zotupa zina, anaziona koyamba pa khansa ya pakhungu ya melanoma mu 1999, zomwe maselo ake eniake amadzipanga timipata todutsa magazi. Ndipo mu mbewa zina anaona kuti chotupa chikabanika kwambiri chimalusa, maselo amayamba kuthawa kukasaka malo ena.

Ndiye pali funso lomwe linazunguza anthu mitu. Ngati mankhwalawa amatseka mitsempha, kemo yomwe imayenda mmagazi ikafika bwanji ku chotupa? Bwenzitu awiriwa akulimbana, koma mmakafukufuku ankathandizana. Rakesh Jain wa ku Harvard mu 2001 anapereka yankho lomwe ambiri amalivomera tsopano, kuti mukachepetsa VEGF pa mlingo woyenera simupha mitsempha yonse, mumangodulira yoipitsitsa ija, yotsalayo imasiya kudontha nkuyamba kuoneka ngati mitsempha yabwinobwino, mphamvu ya madzi mchotupa imatsika, ndipo kwa kanthawi kemo ndi okosijeni zimalowa bwino kuposa kale. Ndiye mankhwala omwe anapangidwa kuti aphe chotupa ndi njala nthawi zina amagwira ntchito pokonza njira yoti poizoni afike. Zimenezi zikutanthauzanso kuti kuchulukitsa dozi sikuti ndiye kuchita bwino. Mpaka lero palibe kuyeza magazi komwe kungamuuze dokotala asanayambe kuti uyu apindula uyu ayi, amangoyamba nkumaona pa sikani.

Kupatula diripu palinso mapilisi. Awa salimbana ndi VEGF mmagazi, amalowa mu selo la mtsempha nkukatseka uthenga mkati. Sorafenib analoledwa mu 2005, sunitinib mu 2006, kenako kunabwera pazopanib, axitinib, lenvatinib, cabozantinib ndi ena. Komwe anasinthadi zinthu ndi pa khansa ya impso, ndipo chifukwa chake nchomveka bwino: pa mtundu wofala wa khansa imeneyi jini yotchedwa VHL, yomwe ntchito yake ndi kuphwanya HIF uja, imakhala yowonongeka, ndiye selo limangoganiza kuti labanika usana ndi usiku ngakhale okosijeni ali mbwee, VEGF nkumatuluka osaleka. Khansa ya impso kemo siimva kwenikweni, ndiye mapilisiwa atabwera inali nkhani yaikulu.

Tibwere kwathu. Khansa zomwe zimadzaza mabenchi ku Queens ku Blantyre, komwe a ku Chikwawa ndi ku Nsanje timatumizidwa tikakwera zitunda za ku Thabwa zija, si zomwe zimavuta kwambiri ku America. Kuno ndi ya khomo la chiberekero, ya kummero, Kaposi, ya chiwindi, ya mmawere, ya chikhodzodzo yomwe imayenderana ndi likodzo la zaka zambiri, ndi ma lymphoma omwe ndi nkhani ina.

Pa khomo la chiberekero Malawi ali mgulu la mayiko omwe ali pamwamba penipeni padziko lonse, chiyerekezo cha 2020 chinati amayi oposa 4,000 amapezeka nayo pa chaka ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira. Apa bevacizumab ali ndi umboni weniweni. Kafukufuku wotchedwa GOG 240 wa amayi 452 omwe khansa inafalikira kapena kubwerera anapeza miyezi 17 poyerekeza ndi 13.3 ya kemo yokha, ndipo FDA inauloleza mu Ogasiti 2014. Koma panali mtengo wake mthupi, amayi ena anabooka njira pakati pa matumbo kapena chikhodzodzo ndi njira ya amayi, fistula yomwe ife timaidziwa ngati vuto la uchembere, makamaka omwe anawotchedwapo kale ndi makina a radiotherapy. Tsono ikani miyezi 4 imeneyo pambali pa katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, yemwe boma linayamba kubaya atsikana a zaka 9 mu Januwale 2019, ndi kuyeza kwa viniga kuja komwe nesi amaona banga loyera nkuliwotcha tsiku lomwelo lisanasanduke khansa. Kunena mosapsatira, ndalama ya diripu imodzi ya Avastin ikhoza kuyeza amayi ambirimbiri a ku Makhanga ndi ku Tengani, ndipo woyezedwayo sapatsidwa miyezi, amapatsidwa zaka.

Pa chiwindi nkhani yake ndi yosangalatsa komanso yowawa. Kwa nthawi yaitali khansa ya chiwindi yosatheka opaleshoni inalibe mankhwala aliwonse otalikitsa moyo, mpaka sorafenib mu 2007 anapereka miyezi 10.7 poyerekeza ndi 7.9. Kenako kunabwera nzeru yophatikiza. Zinapezeka kuti VEGF samangomanga mitsempha, amafooketsanso asilikali a mthupi ndi kuwatsekereza kulowa mchotupa, ndiye mukamutseka nkuwonjezera mankhwala odzutsa chitetezo awiriwa amakokera limodzi. Mu 2020 atezolizumab, mmodzi wa odzutsa chitetezowo, pamodzi ndi bevacizumab anaposa sorafenib, ndipo atapitiriza kutsatira odwalawo zinali miyezi 19.2 poyerekeza ndi 13.4, ndipo pa impso nako masiku ano amaphatikiza mapilisi aja ndi mankhwala a chitetezo. Apa ndi pomwe ganizo la Folkman lapezera moyo wachiwiri. Vuto lake, chiwindi chikauma mitsempha ya kummero imatupa ndipo ikhoza kuphulika munthu nkusanza magazi, ndiye asanayambe bevacizumab amayenera kulowetsa kamera kummero kuona ndi kumanga mitsemphayo. Kuno ziwindi zathu zimakhala zitamenyedwa kale ndi hepatitis B, kachasu, chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino, enanso likodzo la mmatumbo lomwe nalo limatupitsa mitsempha yomweyo, ndipo odwala ambiri amafika mimba itadzaza kale madzi maso ali chikasu, pomwe mankhwala ngati awa saperekedwanso. Katemera wa hepatitis B ali mu jakisoni wa ana wa kusikelo kuyambira 2002, ndiye obadwa pambuyo pake ali ndi mwayi womwe ife akale tinalibe.

Kaposi ndiye chotupa cha mitsempha yeniyeniyo, chimayamba ndi kachilombo ka HHV-8 ndipo chimalusa chitetezo chikatsika ndi HIV, mabanga akuda aja a mmiyendo ndi mkamwa, mwendo nkutupa kuuma gwa. Munthu angaganize kuti apa ndiye mankhwala otseka mitsempha afika kwawo, koma chithandizo chachikulu chikadali ma ARV, ndipo chikafalikira amawonjezera kemo. Kafukufuku yemwe anachitika mmayiko angapo kuphatikizapo Malawi, wotuluka mu 2020, anasonyeza kuti paclitaxel amaposa bleomycin ndi vincristine zomwe zinkagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno. Chaka chomwecho ku America analoleza mapilisi a pomalidomide pa Kaposi, ndipo mbiri ya amenewa ndi yochititsa nthumanzi. Kholo lake ndi thalidomide, mapilisi omwe amayi oyembekezera ankamwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti aletse mseru, ana oposa 10,000 nkubadwa opanda manja kapena miyendo yokwanira mpaka anawachotsa pamsika mu 1961. Mu 1994 Robert D'Amato wa mu labu ya Folkman anasonyeza kuti thalidomide amaletsa mitsempha kumera, ndipo kuchokera pamenepo anabwereranso ngati mankhwala a khansa ya mmafupa ya myeloma. Amagwira ntchito mnjira zingapo, osati mitsempha yokha, ndipo mayi woyembekezera sayenera kuwayandikira nkomwe.

Ya kummero ija, yomwe Malawi alinso pamwamba padziko, mtundu wathu ndi wa squamous, ndipo mankhwala ngati ramucirumab omwe analoledwa mu 2014 ndi a khansa ya chifu ndi polumikizira chifu ndi kummero, mtundu wina. Ndiye apa tisayembekezere zambiri.

Za mtengo ndingodutsa mwachangu chifukwa mukudziwa kale. Utangotuluka Avastin unkadya madola masauzande ambirimbiri pa wodwala mmodzi pa chaka, moti ngakhale ku Britain bungwe la NICE linakana kuti boma lizigulira odwala khansa ya mmatumbo ponena kuti phindu silikulingana ndi ndalama. Kuyambira 2017 kunayamba kubwera makope ake opangidwa ndi makampani ena ndipo mtengo watsika, koma ukadali wa diripu ya masabata awiri kapena atatu aliwonse, wosungidwa mu fuliji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndiye ganizirani kutentha kwa ku Ngabu ndi magetsi athu ozimazimawa. Chosekesa nchakuti bevacizumab analowa pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO mu 2013 osati chifukwa cha khansa koma maso. Mwa okalamba ndi odwala shuga timitsempha tosafunika timamera kuseri kwa diso nkumadontha mpaka munthu kuchita khungu, ndipo kadontho kakang'ono ka mankhwala omwewa kobayidwa mdiso kamaletsa zimenezo. Botolo limodzi la khansa limagawidwa kwa anthu ambiri a maso. Ambiri amati anthu omwe apindula kwambiri ndi ntchito ya Folkman ndi a maso, ndipo ine ndikugwirizana nawo.

Pali anthu omwe atenga sayansi imeneyi nkuisandutsa bizinesi. Mafupa ofewa otafunika aja alibe mitsempha, ndipo ofufuza anapezadi kuti muli tinthu toletsa mitsempha kumera. Shaki mafupa ake onse ndi otero, ndiye mzaka za m'ma 1990 anthu anayamba kugulitsa ufa wa mafupa a shaki ponena kuti shaki sidwala khansa. Bodza, shaki imadwala khansa, ndipo atayesa mankhwala ochokera ku mafupawo pa odwala khansa ya mmapapo zotsatira za mu 2010 zinati palibe kusiyana kulikonse. Lero ufa wa shaki wasanduka makapusozi a ma network marketing, tiyi wa masamba, madzi a mandimu ndi soda, zonse akuti zimapha khansa ndi njala. Zoona zake nzakuti zinthu zambiri za mu zomera zimaletsa mitsempha mu mbale ya mu labu, koma mbale si munthu, ndipo ngati mankhwala enieni opangidwa kuti agwire VEGF ndendende amangopereka miyezi, kapu ya tiyi ipereka chiyani?

Choopsa kwambiri ndi malangizo oti wodwala asiye kudya, asiye nsima, asiye nyama, asiye shuga kuti chotupa chife ndi njala. Njala yomwe Folkman ankanena ndi yotseka mitsempha, osati yotseka pakamwa. Ngakhale musanyambite shuga wa ku Nchalo chaka chathunthu chiwindi chanu chizipangabe shuga wa mmagazi kuchokera ku minofu yanu yomwe chifukwa ubongo sungakhale popanda iye, ndipo chotupa chimatapa pomwepo chisanatape china chilichonse. Wofa ndi njala amakhala wodwalayo. Khansa payokha imawondetsa kale, ndipo munthu akafooka kwambiri dokotala amalephera kumupatsa kemo kapena kumuchita opaleshoni. Wodwala apatsidwe phala la mtedza, mazira, mkaka, nsomba za ku Elephant Marsh, chilichonse chomwe chikulowa.

Tsopano mavuto a mankhwala enieniwo, chifukwa alipo abale athu omwe amapita ku India, ku South Africa kapena ku zipatala zolipira za mtauni nkubwera kumudzi ali pa mankhwalawa. Popeza VEGF amathandiza mitsempha kumasuka, mukamutseka BP imakwera, ndipo ili ndi vuto lofala kwambiri. Impso nazo zimadalira VEGF kuti sefa yake ikhale bwino, ndiye puloteni imayamba kutayikira mu mkodzo. Azamba azindikira msanga chithunzi chimenechi, BP yokwera ndi puloteni mu mkodzo, chifukwa ndi chomwecho cha matenda a amayi oyembekezera otupa miyendo ndi kukomoka aja, ndipo si mwangozi, pa matenda amenewo nsengwa imatulutsa puloteni yomwe imagwira VEGF ngati mmene Avastin amachitira. Palinso kutuluka magazi mmphuno, magazi kuundana mmitsempha mpaka sitiroko, ndipo mwa ochepa matumbo amabooka. Mapilisi aja amawonjezera kutsegula mmimba, kutopa, zikhatho ndi mapazi kusupuka ndi kuwawa, ena tsitsi limayera.

Ndipo mabala sapola. Bevacizumab amachedwa kutuluka mthupi, pakatha masiku pafupifupi 20 theka lake limakhala likadalimo, nchifukwa chake lamulo lake ndi loti pasachitike opaleshoni yokonzekera mpaka patadutsa masiku osachepera 28 chilandirireni diripu yomaliza, ndipo akachitidwa opaleshoni asayambirenso mpaka masiku 28 adutse bala litapola. Ngakhale kuzula dzino kumafunika kufunsa kaye. Ndiye ngati muli ndi m'bale wotere ku Bangula kapena ku Muona, dzina la mankhwala ndi tsiku lomwe analandira komaliza zilembedwe mu buku lake la kuchipatala, osati zingokhala pa foni ya mwana yemwe ali ku Lilongwe, chifukwa kiliniko wa pa health centre yemwe amulandire usiku sangalote kuti munthuyu ali pa bevacizumab. BP aziyezetsa pafupipafupi ngakhale akumva bwino, mkodzo uziyezedwa asanalandire diripu ina, ndipo mimba ikayamba kupweteka mwadzidzidzi nkuuma, kapena akasanza magazi, kapena chimbudzi chikada bii, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka, musadikire kuti kuche, pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo ndipo pofika muwauze achipatala dzina la mankhwalawo asanayambe china chilichonse.